Alamu Anga, Sikuluwu ya H ndi Mapemphero a Kutchire

Phiko la paramotor lomwe ndinagulalo linali la masikweya mita 22, lofiira, losagwira ntchito kwambiri, ndipo mwini wake ankaligulitsa pa mtengo woti ukaumva umayamba wacheuka kuopa kuti wina akutsogolera. Bamboyo anali wochepa thupi, wosapitirira makilogalamu 65. Ine sikelo imandipatsa 92 m'mawa ndisanadye. Kusiyana kumeneku ndinakuona ndi maso angawa, koma mtengo unali utanditseka kale pakamwa.

Kwa amene simunaionepo, paramotor ndi injini ya pulopela yomwe munthu amabereka kumsana, ndipo pamwamba pake pamakhala phiko lansalu lolendewera ndi zingwe. Matayala ake ndi miyendo yako yomwe. Posankha phiko saona thupi lokha, amawerengera zonse zimene zidzachoke pansi. Kwa ine: thupi 92, chipewa, nsapato ndi zovala 4, injini ndi khola lake 26, petulo wa malita 8 yemwe amalemera makilogalamu 6, parachuti ya ngozi 2, phiko lenilenilo 5 ndi theka. Zonse pamodzi zikuyandikira makilogalamu 136. Mukagawa ndi 22 mupeza kuti sikweya mita iliyonse ikunyamula makilogalamu oposa 6. Akatswiri amakonda zoterozo chifukwa phiko lolemedwa limathamanga ndipo limakhota msanga. Wongoyamba kumene amafuna kusapitirira 5, kutanthauza phiko la 27 kapena 28 kwa munthu wa msinkhu wanga. Pamwini wake uja, 22 yomweyo inkanyamula 5 yokha, n'chifukwa chake ankaliyamikira kuti ndi lofatsa.

Ndinaphunzirira ku Wilderness, kufupi ndi tauni ya George ku South Africa, ndipo laisensi ya SAHPA, bungwe loyang'anira masewerawa m'dzikomo, ndili nayo, musaganize kuti ndine wothyola mpanda. Koma kumeneko n'kumphepete mwa nyanja yamchere. Mpweya ndi wokhuthala, kamphepo kamakhala kakuwomba kumaso, phiko la kusukulu linali 28. Ukaponda kanayi kasanu miyendo yayamba kale kupalasa m'malere. Ndimakhala ku Joni, komwe nthaka ili pa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja. Mukawonjezera kutentha kwa December, madigiri 30, mpweya umapyapyala mofanana ndi wa pa mamita 2,600. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya lasowa. Injini imachepa mphamvu, pulopela imasowa chogwira, phiko limafuna liwiro lochulukirapo kuti linyamule. Zitatu zonsezi zimakusonkhanirana nthawi imodzi, ndipo wolipira ngongoleyo ndi miyendo.

Lamulungu limenelo, dzuwa litapendeka, tinapita pa famu ina kum'mawa kwa mzinda komwe mwini wake amatilola kuulukira. Ndikuti tinapita, chifukwa mayi a kunyumba anali atauza aliyense wodziwa Chichewa mumsewu mwathu. Kunabwera galimoto zodzaza, ana, mafoni m'manja, ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, omwe anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Lilongwe. Alamuwa amakonza njinga zamoto za kabaza, ndipo ntchitoyo amaidziwadi. M'thumba la malaya awo simusowa sikuludiraiva, ngakhale paukwati.

Mphepo kunalibe, nsanza yomwe ndinamanga pamtengo inangoti lende. Ndinayala phiko kumbuyo, n'kukoleka zingwe, n'kukuwa kuti onse atalikire pulopela, n'kuliza injini nditaibereka kale. Izi zokha musamanyengerere: ngozi zambiri za pulopela zimachitika munthu akamaliza injini itakhala pansi iye ataigwirira ndi dzanja. Ndinakoka phiko, linakwera bwinobwino pamutu, ndinapatsa moto wonse n'kuyamba kuthamanga.

Ndinathamanga, abale. Ndinadutsa pomwe ndinkayembekeza kunyamuka, ndinadutsa pomwe ana anaima ndi mafoni, ndinadutsa chulu. Injini yanga ndi Moster 185, yozungulitsa pulopela ndi lamba, ndipo pulopela yake ukaiona chakumbuyo imazungulira mobwerera kumanzere, choncho pamoto wonse imakupotokolera kumanja. Kumanjako kunali ng'ombe. Zinasiya kudya n'kumandiyang'ana munthu wamkulu ndikudutsa ndi chinsalu pamutu, chiphokoso kumsana, mawondo akufika pachifuwa. Mpanda wa waya utayandikira ndinazimitsa injini, phiko linandipitirira n'kundifunditsa. Ndili mkati mwa nsalumo ndinamva mwana wanga wamng'ono akufunsa patali kuti, "Amayi, ndiye kuulukako kumeneku?"

Pobwerera wapansi, katundu yense kumsana, ndinaona chinthu choyamba. Matirima anali otsegula mpaka kumapeto, momwe mwini wake wakale analipindira. Matirima ndi timalamba ta pa zingwe zakumbuyo. Ukawamasula, kumbuyo kwa phiko kumatukuka, phiko limathamanga kwambiri ndipo limalimba likakumana ndi mphepo yovuta, koma mbali yomwe ikunyamula imachepa. Phiko lotere amati la reflex. M'mwamba ndi zabwino, bola ukatsegula onse n'kupondanso chowonjezera liwiro usamakhote ndi mabuleki aakulu, zingwe zomwe umagwira m'manja zokokera kumbuyo kwa phiko pansi, uzigwiritsa ntchito tizingwe ta kunsonga, apo ayi lingakupindikire. Koma ponyamuka popanda mphepo amawatseka, kapena kuwasiya pa mzere umene opanga anasoka. Ine ndinali kufuna kunyamula makilogalamu 136 ndi 22 yomasula, pa mpweya wa ku Joni. Ngakhale wothamanga wa mendulo sakanachoka pansi.

Chachiwiri anachipeza ndi alamu. Anandichingamira chapakati, mutu atapendeketsa.

"Alamu, injini yanuyi ikutsamwa. Ikumwa mafuta ambiri. Simunamve mmene imabwebwetera pamwamba?"

Sanalakwe, ndipo pamenepa ndi pomwe panagona tsoka langa, chifukwa munthu akalondola koyamba umamupatsa chiwongolero. Kabuleta inatcheredwa kunyanja. Kumtunda mpweya ndi wochepa koma petulo akulowa wofanana, ndiye kasakanizidwe kamanona, injini imabwebweta, pulagi imada, ndipo kawotchi kanga kowerenga kuzungulira kankaonetsa 7,700 pomwe kunyanja ndinkaona kupitirira 8,300.

Kabuleta ya injini imeneyi ndi Walbro, ndipo ili ndi tisikuluwu tiwiri ta mafuta. Ya L imalamula injini ikamayenda pang'onopang'ono mpaka chapakati, ndipo imakhala yotsegula pafupifupi kota ya kuzungulira kumodzi. Ya H imalamula pamoto wonse, yotsegula kuzungulira kumodzi ndi kachidutswa. Ukamangitsa umachepetsa mafuta, ukamasula umawonjezera. Anthu a paramotor amayeza kutembenuzako ndi mphindi za pa wotchi: kuzungulira kwathunthu ndi mphindi 60, ndipo pokonza umasuntha mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kuyesa, n'kuzimitsa, n'kuona pulagi, kenako n'kusunthanso ngati pakufunika. Ya H amaiopa moti pa injini zina imabwera ataimata dala kuti zala zoyabwa zisaifikire. Yanga inali yosamata.

Ndinavula injini kuti ndimwe madzi. Nditatembenuka ndinapeza alamu akubweza sikuludiraiva m'thumba.

"Mwaitani, alamu?"

"Palibe, ndangoiputako kakota basi. Tailizani mumve."

Anali atamangitsa ya H, ndipo kota ndi mphindi 15. Ndinkadziwa zimenezi. Koma nditaibereka n'kuiliza, kulira kwake kunandilanda nzeru. Kubwebweta konse kunatha, inkalira mosalala, mokweza, kawotchi kanafika pa 8,700. Anthu anaomba m'manja. Alamu anangoti manja m'chiuno, kuyang'ana kutali, osanena kanthu.

Njinga zomwe alamu amakonza ndi za four-stroke: oilo amakhala payekha pansi pa injini, ndipo wokwera sagwira moto wonse kwa nthawi yaitali, pali mahampu ndi apolisi. Injini ya paramotor ndi two-stroke. Oilo amasakanizidwa mu petulo momwemo, kwa ine mamililita 25 pa lita imodzi, ndiye ukachepetsa petulo wachepetsanso oilo. Komanso petulo yemweyo ndi amene amaziziritsa pisitoni akamalowa. Two-stroke yomanidwa mafuta imakhala ndi mphamvu zodabwitsa ndipo imalira mokoma kuposa tsiku lina lililonse, kwa mphindi zochepa. Chikanandichenjeza ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa mutu wa silinda, komwe amamanga pansi pa pulagi. Ndalama yake ndinagulira kamera ya pachipewa.

Ulendo uno, matirima otseka, ndinanyamukadi. Ndinathamangabe ndithu, koma mpanda ndinaudutsa pamwamba, ng'ombe zili pansi, anthu akukuwa. Vuto la phiko laling'ono ndi loti limamira msanga, choncho kuti ukwere sungapumitse dzanja. Ndinagwira moto wonse osasiya, ndikukwera mokhotera kumanja, ndikuganiza zoti ndikatsika ndikawagulire alamu chakumwa.

Ndili pa mamita ngati 150, kulira kuja kunasintha, kunamveka kouma. Kenako mphamvu inatsika yokha dzanja ndisanasunthe. Kenako khwe! Pulopela inaima, ndipo ndinayamba kumva mphepo m'zingwe ndi mtima wanga.

Injini ikazima m'mwamba si imfa, phiko limauluka lokha. Umayamba wagwedezekera kumbuyo, phiko n'kudumphira kutsogolo, umaligwira pang'ono ndi mabuleki n'kulisiya liyende. Ndi injini kumsana umapita mamita 6 kapena 7 kutsogolo pa mita iliyonse yomwe watsika, ndiye ndinali ndi mtunda wosakwana kilomita, ndi nthawi yongopitirira mphindi imodzi. Kufamu kunali kutatalika. Kumanzere kunali mawaya a magetsi, kutsogolo chimanga chofika m'chiuno. Kumanja kunali bwalo la udzu waufupi, ndipo chakumapeto kwake gulu la anthu ovala zoyera, atazungulira mbendera, monga amachitira a mipingo yopempherera kutchire kuno Lamulungu lililonse.

Ndinayang'ana mbenderayo kuti indiuze kolowera mphepo. Inali lende, mofanana ndi nsanza yanga. Kutera popanda mphepo, pa phiko lolemedwa, pa mpweya wopyapyala, kumatanthauza kufika pansi ndi liwiro loposa makilomita 40 pa ola. Ndinalunjika mbali yopanda anthu, ndinatuluka pampando kuti ndilendewere choimirira, manja m'mwamba kuti phiko lisunge liwiro, chifukwa liwiro limenelo ndi lomwe umasandutsa chokunyamula ukakoka mabuleki. Pa phiko lotere amakoka kawiri: pang'ono kaye kuti uyandame moyandikira udzu, kenako onse mpaka pansi liwiro likamatha. Gawo loyamba ndinalichita bwino kwambiri. Ndinayandama, n'kuyandamabe, malo omwe ndinasankha n'kutsalira kumbuyo.

Anthuwo anali atatseka maso, manja atakweza kumwamba, ndipo popanda injini ndinkabwera mwakachetechete. Woyamba kundiona anali mnyamata wa ng'oma. Ng'oma inasiya. Ndinakoka mabuleki onse, miyendo inagunda pansi n'kuyesa kuthamanga, makilogalamu 30 a kumsana anakana, ndipo ndinamaliza ulendowo chogwada, ndikukhwekhwereka pa udzu mpaka pafupi ndi mphasa yomwe anaikapo nsapato zawo. Chinsalu chofiira chinatsika pang'onopang'ono n'kufunda nsapato zonse.

"Mayo ine, mawondo anga!" Ndi mawu okhawo omwe ndinatulutsa.

Ena anali atathawa, ena atagwada, mtsogoleri wawo ataloza ndodo kwa ine akulankhula mofulumira m'Chizulu. Ndiye mayi wina wachikulire anadutsa pakati pawo, nandiyang'anitsitsa, nanunkhiza.

"Iii, ndinu a kwathu? Ndimati ndani akulira Chichewa. Mwachokera kuti, bambo?"

Ndinaloza kumwamba, chifukwa mpweya wolankhulira ndinalibe.

"Kumeneko taona. Ndikunena kumudzi."

"Ku Ntcheu, mayi."

Anatembenukira anzawo n'kuwamasulira, ndipo ndinamva liwu loti petulo likubwerezedwa, kenako kuseka kunabuka gulu lonse. Anandithandiza kuvula injini, anandipatsa madzi, ndipo mtsogoleri uja anaumirira kuti asanandilole kupita andipempherere ine ndi makina omwe. Sindinakane. Alamu anafika ndi galimoto pemphero lili mkati, navula chipewa, naima mwaulemu kumbuyo, sikuludiraiva ikuonekera m'thumba.

Madzulo ake tinamasula. Pulagi, NGK BR9ES, imayenera kuoneka ngati tiyi wothira mkaka. Yanga inali yoyera mbuu, ili ndi timadontho ta aluminiyamu. Titachotsa ekizozi n'kuunika ndi tochi pabowo, pisitoni inali ndi mizere yokandika mbali yotulukira utsi, ring itamatirira mumsewu wake. Panafunika pisitoni yatsopano, ma ring, magasketi, ndi kutumiza silinda kuti akaione ngati ingapulumuke. Amene anaikonza anabweza H pomwe buku limanena, anatsuka kasefa ka mkati mwa kabuleta, anasintha timapepala take tomwe timapopa mafuta popeza tinali titauma, nayeza ngati injini ikuba mpweya penapake, chifukwa kabowo kakang'ono pa gasketi kamamana injini mafuta mofanana ndi sikuluwu. Atatero anachepetsa H ndi mphindi zitatu zokha, ndipo anasiya dala kakubwebweta pang'ono pamwamba. Phiko la 22 ndinagulitsa kwa mtsikana wina wa makilogalamu 58, yemwe amanyamuka nalo ataponda katatu. Panopa ndili ndi 28.

Alamu anabwerera ku Lilongwe sabata yotsatira. Ndikumva kuti kugalaja kwawo amauza makasitomala kuti anakonzapo ndege ku South Africa, ndipo akafunsidwa ngati inauluka amayankha kuti asanaigwire inkangothamangitsa ng'ombe, ataigwira inakwera mamita 150.