Gitala yakaunjika: mmene ndinaigulira ndi kuikonza mpaka inayamba kulira bwino

Achinyamata a m'mabandi a kutchalitchi amandifunsa kawirikawiri ngati n'kwanzeru kugula gitala ya magetsi yotchipa imene wina anaiimba kale, kenako n'kumaikonza pang'onopang'ono. Ine ndimati gulani, bola khosi lake likhale labwino. Zina zonse zimatheka ndi manja anu komanso ndalama zochepa. Yanga ndi Squier Affinity Stratocaster, ndipo ndinaipeza pa Facebook kwa mkulu wina amene anabwera nayo kuchokera ku Joni.

Squier ndi dzina limene kampani ya Fender imagulitsira magitala ake otsika mtengo kuyambira mu 1982. Oyamba ankapangidwa ku Japan, koma ambiri amene amatifika kuno ndi a ku Indonesia ndi ku China. Epiphone nayo ndi ya kampani ya Gibson. Ndikunena izi chifukwa pamsika pali magitala ambiri ongomatidwa dzina la Fender pamutu pomwe si a Fender n'komwe. Squier yeniyeni imalembedwa dzina lake, ndipo kumbuyo kwa mutu mumapezako nambala yake ndi dziko limene inapangidwira.

Popita kukaiona ndinatenga kaampu kanga, chingwe, makiyi a Allen ndi foni yokhala ndi pulogalamu yotchunira. Mwini wake anayamba n'kundionetsa penti, kuti sinakalike pena paliponse. Ndinati, "Achimwene, pentiyo ndaiona, koma mundilole ndione khosi." Ndinaika thupi la gitala pansi, mutu kumaso kwanga, n'kuyang'ana khosi lonse ngati mmisiri akuyeza thabwa. Kupindika pang'ono cha kutsogolo si vuto. Choopsa ndi khosi lopotoka, mbali ya nsambo zikuluzikulu kukwera kwina ya zing'onozing'ono ikutsika. Mukaona zimenezo tsanzikani bwinobwino muzipita, ngakhale akutsitsireni mtengo chotani.

Kenako ndinadina nsambo yaikulu pa fureti yoyamba (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi) ndi pa yomaliza nthawi imodzi, n'kuona mpata wotsala pakati pa nsamboyo ndi fureti ya 7 kapena 8. Pamayenera kutsala kampata kongokwana kapepala kolimbirako. Apa mpata unali waukulu, ndiye ndinapempha kuti ndiyese truss rod, kachitsulo kamene kali m'kati mwa khosi kolimbana ndi kukoka kwa nsambo. Ndinakapotoza pang'ono, kanayenda, ndipo mtima unakhala pansi. Kakanakhala kouma kosasuntha, kapena kongozungulira osagwira kanthu, sindikanagula. Ndinaimbanso fureti iliyonse pa nsambo zonse kumvetsera pamene pakufa mawu, ndi kuona ngati mafureti sanadyeke mpaka kuchita timaenje. Mng'alu wa penti pamene khosi limalowa m'thupi ndi wamba pa magitala a mtundu wa Stratocaster (Strat). Koma pa Epiphone Les Paul yang'anitsitsani kuseri kwa mutu, chifukwa m'pamene imakonda kuthyokera ikagwa.

Pa ampu inkalira modukizadukiza, ndipo chokwezera mawu chinkachita phokoso ndikachipotoza. Zimenezi sizinandidetse nkhawa, m'malo mwake zinandithandiza ponenerera mtengo.

Kunyumba sindinathamangire kugula china chilichonse kupatula nsambo zatsopano za saizi ya 10-46. Ndinachotsa zadzimbiri zija, kupukuta litsiro la zala za eni ake akale, n'kumanga zatsopano. Ndiye inayamba ntchito imene ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse, ndipo imayenera kutsata ndondomeko yake. Poyamba khosi: kupotoza truss rod kagawo kamodzi mwa magawo anayi a mzunguliro, kutchunanso, kudikira kuti thabwa likhazikike, n'kuyezanso. Osaumiriza. Khosi litawongoka ndinatsitsa timipando ta nsambo pa buliji, chitsulo cha pathupi pamene nsambo zimathera, mpaka mpata wa pa fureti ya 12 unafika pafupifupi mamilimita awiri ku nsambo yaikulu, n'kucheperako ku yaing'ono.

Pomaliza ndi intonation, kuonetsetsa kuti manoti sakuphonya pakhosi lonse, ndipo apa ndikhalitsepo. Mumaimba nsambo osadina, kenako n'kuidina pa fureti ya 12. Noti iyenera kukhala yomweyo, kungoti yokwera. Ikapitirira, kampando kabwezeni m'mbuyo kuti nsambo italike. Ikaperewera, kasendezeni cha ku khosi. Nsambo zonse zisanu ndi imodzi, imodziimodzi, kutchunanso nthawi iliyonse mukasuntha. Ndi ntchito yotopetsa, koma kwa ife siyozembeka. Nyimbo zathu zambiri, kaya ndi makolasi othamanga a kutchalitchi kaya sungura yochokera ku Zimbabwe imene tinaikonda kalekale, gitala yotsogolera imaimbidwa kumunsi kwa khosi, kupitirira fureti ya 12, ndi mawu oyera opanda distortion (kusasa kwa mawu) yobisa zolakwika. Nsambo ziwiri zikamalira pamodzi kumeneko imodzi itaphonya pang'ono, ngakhale amayi a kwaya amatembenuka. Magitala ambiri amene anthu amawanyoza kuti ndi achabechabe vuto lawo ndi lomweli, palibe anawakhalira pansi chichokereni ku fakitale.

Inkavutanso kusunga tchuni. Ambiri zikatere amagula makiyi atsopano okungira nsambo, koma kawirikawiri wolakwa ndi nati, kapulasitiki koyera ka kumutu kamene nsambo zimadutsamo. Mukamatchuna n'kumva kuti "ting'", ndiye kuti nsambo ikukodwa m'kamzera kake. Ndinapaka mtovu wa pensulo m'timizerato ndipo zinasintha tsiku lomwelo. Popeza tremolo, kandodo ka pa buliji kogwedezera mawu, sindiigwiritsa ntchito, ndinamanga masipuling'i a kumbuyo mpaka buliji inagona pathupi.

Za mawaya ndinapita nazo kwa bambo wina wokonza mawailesi pafupi ndi kwathu. Gitala sanaikonzepo, koma kuwotcherera amakudziwa. Ndinati, "Madala, apa pakufunika jeki yatsopano, ndipo waya wakuda uyu abwerere pamalo pake." Anasintha jekiyo, polowera chingwe cha ku ampu, anatsuka zokwezera mawu ndi mankhwala opopera, ndipo kudukiza kuja kunatheratu. Mukafuna kusintha zokwezerazo, mapikapu (timaginito totola mawu a nsambo) a single coil, a koilo imodzi, amayenda ndi za 250k, a humbucker, a makoilo awiri, za 500k.

Kung'ung'udza kwa single coil ndi chibadwa chake: imatola phokoso la magetsi a m'nyumba, omwe kuno ndi a 50 Hz. Ndinamata tepi ya kopa m'mphako za thupi ndi kuseri kwa pulasitiki ya pamwamba, n'kuilumikiza ku earth, ndipo phokoso linachepa ndithu ngakhale silinathe lonse. Pa ma Strat ambiri a masiku ano, switch yosankhira mapikapu ikakhala pa malo achiwiri kapena achinayi kung'ung'udzako kumazima kokha. Koma chonde, nsambo kapena maikolofoni zikamakugwirani shoko, siyani kuimba pomwepo. Vuto lili mu ampu kapena m'soketi yopanda earth, ndipo limapha.

Mapikapu ndinawasiya komalizira dala, pakuti ndiwo amadya ndalama zambiri. Nditaiimba kwa kanthawi ndinaona kuti mwa atatuwo awiri akundikwanira, ndipo ndinasintha ya ku buliji yokha imene inkalasa m'makutu. Musanaitanitse chitsulo chilichonse kunja, yezani ndi rula. Thupi la Affinity zambiri zakale ndi lopyapyala kuposa la Fender, kotero chitsulo cha tremolo cha Fender chimatulukira kumbuyo. Zokwezera mawu za ku America, monga za CTS, zimafuna bowo lokulirapo kuposa limene lilipo. Katundu wochokera kutali akapanda kukwana, kubweza n'kovuta.

Werengeraninso ndalama musanayambe. Mtengo wogulira ukaphatikizidwa ndi zonse mukufuna kusintha n'kuyandikira wa Yamaha Pacifica 112 kapena Squier Classic Vibe yogwiritsidwa kale ntchito, kaguleni imeneyo, chifukwa imabwera itakonzeka kale. Ndipo tsiku logulitsa, wogula adzaona dzina la pamutu, sadzalipira pikapu yanu yodula. N'chifukwa chake pikapu yakale ija ndinaisunga m'kabokosi, kuti ndikadzafuna kugulitsa ndidzaibwezeretse, yabwinoyo n'kupita nayo pa gitala ina.

Kiyi ya Allen isamachoke m'chikwama cha gitala. Khosi ndi thabwa, limayenda ndi nyengo: mmene liliri kukatentha mu Okutobala si mmene lidzakhalire mvula ikakhazikika mu Januwale, ndiye nyengo ikasintha yezaninso kampata ka pa fureti ya 7 kaja.