Aba Yellow: mmene mwana wa ku Kapata ndinakondera timu ya ku Kitwe

Sabata yatha ndili pa baba shopu ku Kapata mnyamata wometa anandifunsa ati akulu, inu ndinu a kuno ku Chipata, kubadwira kuno kukulira kuno, nanga chikondi cha Power Dynamos munachitola kuti? Iye ndi wa Arsenal, anzake onse pamenepo ndi a Man U ndi Chelsea, ena omwe ali ndi abale kutsidya kwa Mwami amasapota Bullets kapena Wanderers ya ku Blantyre. Ndinayamba kumufotokozera koma makina anali kulira komanso anthu anali pa mzere ndiye nkhani inathera panjira. Ndati ndiilembe pano yonse, mwina aiwerenga pa foni.

Zinayamba ndi amalume anga. Monga amuna ambiri a kummawa kuno nthawi imeneyo, anapita ku migodi ali mnyamata, anakhala ku Kitwe zaka zambirimbiri mpaka Chinyanja chawo chinayamba kusakanikirana ndi Chibemba. Atabwerera kumudzi anabwera ndi zinthu zitatu zomwe ine ndimakumbukira, njinga, wailesi yaikulu ya mabatire ndi jeze yachikasu yomwe amayi ankaopa kuichapa ndi sopo wamphamvu kuti ingasuluke. Loweruka masana palibe amene ankawatuma kanthu. Ankatulutsa mpando pansi pa mtengo wa mango, kukoka eriyo ya wailesi mpaka pamapeto, mabatire ankakhala atawayanika padzuwa kuyambira mmawa kuti apezeko kamphamvu, ndiye ine ndimakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo. Mbiri yonse ya timuyi ndinayamba kuimva pamenepo, zina ndadzawerenga ndili wamkulu.

Power Dynamos, yomwe timaitcha Aba Yellow, inayamba mu 1971 ku Kitwe. Poyerekeza ndi anzake inali mwana wa dzulo. Nkana yomwe ili tauni imodzimodziyo inayamba mu 1935 ikutchedwa Rhokana United, Roan United ya ku Luanshya inatenga ligi yoyamba mu 1962 dziko lisanalandire ufulu, Mufulira Wanderers ndi Kabwe Warriors anali atatola kale makapu ambiri. Ndiye pakubwera katimu ka kampani ya magetsi ya Copperbelt Power Company, kampani yomwe ntchito yake inali kupereka magetsi ku migodi, ndani akanakaopa? Munthu amene anali kumbuyo kwake ndi Arthur Davies, mkulu wa pa kampaniyo yemwenso anali refa wa mpira. Ndi chifukwa chake sitediyamu yathu ku Ndeke mpaka lero imatchedwa Arthur Davies. Amalume ankanena kuti bamboyo anazindikira msanga chinthu chimodzi, wosewera ukamupatsa ntchito, nyumba ndi bwalo labwino lochitira trening'i, mutu wake umakhala pa bola basi. Katimuko kanakwera kuchoka mmadivishoni a pansi mpaka kufika mu ligi yaikulu zaka za m'ma 1970 zisanathe.

Apa ndi pomwe pamabwera maina awiri omwe amalume akawatchula ankayamba kaye kupukusa mutu, Alex Chola ndi Peter Kaumba. Chola anachokera ku Mufulira Blackpool, anthu ankamutcha Computer chifukwa mpira usanafike pa phazi lake iye anali atadziwa kale komwe upite. Kaumba anali wa kuphiko, liwiro ndi shoti yoti goloboyi azidandaula ndi manja. Ine sindinawaone ndi maso akusewera, ndinawaona kudzera mmanja mwa amalume omwe ankaimirira ndi kuonetsa mmene Chola ankachenjeretsera ma difenda, phazi uku thupi uko, fumbi kobo pabwalo la pakhomo. Mu 1982, patangopita zaka 11 chiyambire, Power inafika mu fainolo ya African Cup Winners' Cup, timu yoyamba ya mu Zambia kufika fainolo ya chikho cha mu Africa. Anakumana ndi Arab Contractors ya ku Egypt ndipo anagonja 2-0 kuno, 2-0 uko. Zinawawa koma Africa inadziwa kuti ku Kitwe kuli anyamata ovala chikasu. Chola ndi Kaumba anapitako kukasewera ku Africa Sports ya ku Ivory Coast, nthawi yomwe wosewera wa mu Zambia kupita kunja inali nkhani yoti mudzi wonse uikambe. Ligi yoyamba inabwera mu 1984.

Koma chaka changa ine ndi 1991. Ndinali ku pulayimale. Chaka chimenecho dziko linali gwedegwede, mu Okutobala kunachitika masankho omwe Frederick Chiluba anapambana Kenneth Kaunda, ndipo kuno kummawa komwe anthu ambiri anaima ndi UNIP, chipani cha Kaunda, akuluakulu ankayenda mitu ili pansi, osadziwa kuti mawa kukhala zotani. Ufa wodula, ndalama yosagula kanthu. Mkati mwa zonsezo Power, pansi pa kochi Freddie Mwila, inali kudutsa raundi ndi raundi mu chikho chomwe chija chinawakana mu 1982, chomwe nthawi imeneyo anthu ankachitchanso Mandela Cup. Mu fainolo anapeza BCC Lions ya ku Gboko ku Nigeria, ndipo musaiwale kuti a Lions ndi omwe anali eni chikho, anachitenga chaka cha 1990. Gemu yoyamba ku Nigeria tinagonja 3-2. Amalume atamva zotsatira sanakhumudwe ai, anati zigoli ziwiri za kwa eni ake ndi chuma, adzaona akabwera. Ine sindinamvetse masamu ake, ndimangoona kuti taluza.

Tsiku la gemu yachiwiri ku Lusaka pakhomo pathu panadzadza. Anabwera aneba, anabwera abambo ena omwe ndimadziwa kuti ndi a Nkana ndi a Green Buffaloes, ngakhale amayi omwe za mpira analibe nazo ntchito anasiya kusenda nshawa ndi kubwera kudzaima chapatali. Mabatire tsiku limenelo anagula atsopano, osati oyanika. Wailesi ikayamba kuchita phokoso la mphepo amalume ankainyamula mmwamba ndi kuitembenuza pang'onopang'ono anthu onse ali chete ngati mu tchalitchi. Inatha 3-1, kuphatikiza zonse 5-4, chikho chinatsala mu Zambia. Sindikumbukira bwino amene anayamba kuthamanga, ndimangokumbukira kuti ana tonse tinali mu msewu kukuwa Power, Power, ena akumenya zidebe, ndipo nditabwerera ndinapeza amalume atakhala pa mpando wawo uja atagwira jeze pamaso akulira. Munthu wamkulu woti anagwirapo ntchito pansi pa nthaka, kulira pamaso pa ana ndi alamu ake osachita manyazi. Kuyambira tsiku limenelo nkhani ya timu yoti ndisapote inatha. Chaka chomwecho Power inatenganso ligi.

Ndipo ichi ndimafuna achinyamata a pa baba shopu achimvetse, mpaka lero palibe kalabu ina ya mu Zambia yomwe inatengapo chikho cha CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa. Palibe. Nkana inafika pafupi mu 1990, fainolo ya chikho cha ma champiyoni, inagonja pa mapenate kwa JS Kabylie ya ku Algeria. Ndikunena zoona, ngakhale ndine wa Power, ija imandimvetsa chisoni chifukwa Nkana ya nthawi imeneyo inali timu yoopsa ndipo ma ligi 13 omwe ali nawo sanawatole pansi. Ife ndi a Kalampa, dzina lina la Nkana, timanyozana chaka chonse, Kitwe derby ikafika ngakhale kuno ku Chipata ma gulupu a WhatsApp amatentha, koma popanda Nkana ku Wusakile Power sikanakhala yomwe ili. Mnzako wa pafupi akamadya bwino umalimbikira kulima.

Kenako 1993. Usiku wa pa 27 Epulo ndege ya asilikali yomwe inanyamula timu ya dziko popita ku Senegal inagwa mnyanja itangonyamuka ku Libreville ku Gabon, anthu onse 30 anathera pomwepo, osewera 18. Alex Chola anali momwemo ngati wothandizira kochi Godfrey Chitalu. Wisdom Chansa ndi Robert Watiyakeni omwe anavalapo chikasu chathu analinso momwemo, pamodzi ndi Winter Mumba. Wailesi ija yomwe inatibweretsera chimwemwe ndi yomwenso inawerenga maina mmodzimmodzi. Amalume anaizimitsa, anakaika mnyumba, ndipo panapita masabata angapo asanaitulutsenso. Sindifuna kukambapo zambiri apa, mpaka pano zimandivuta.

Chomwe chimandichititsa chidwi pa mbiri ya timuyi ndi zomwe zinachitika pambuyo pake, pomwe migodi inayamba kugulitsidwa. Matimu ambiri a ku Copperbelt ankadalira ZCCM, kampani ya boma yoyendetsa migodi, pa chilichonse, malipiro, basi, nsapato, ngakhale udzu wa pabwalo. ZCCM itagawidwa ndi kugulitsidwa matimu ena anatsala ngati ana amasiye. Mighty Mufulira Wanderers, timu ya Kalusha Bwalya ndi Efford Chabala, inatsika mu ligi yaikulu ndi kukhala pansi zaka zambiri, Roan United chimodzimodzi, ngakhale Nkana yeniyeniyo inalawako divishoni ya pansi. Power inapulumuka chifukwa gawo la magetsi litasanduka Copperbelt Energy Corporation mu 1997 eni atsopanowo sanaitaye timu. Ma ligi anapitiriza kubwera, 1994, 1997, 2000, kenako 2011. Pambuyo pa 2011 panadutsa chilala chachitali, ZESCO United ya ku Ndola ndi Zanaco ndi omwe ankasinthana chikho nthawi zambiri ife tikungosintha makochi, zaka zina kumayamba sizoni tili kumunsi kwa tebulo mpaka mtima kumagunda. Koma timu inalipo, bwalo linalipo, osewera ankabwerabe, ngakhale Patson Daka anadutsako pa Arthur Davies asanapite ku Austria kenako ku Leicester. Mu sizoni ya 2022/23 ligi inabwerera ku Ndeke ndipo inabweranso mu 2024/25. Amalume sanazione izi, anatisiya chilala chija chili mkati.

Manje apa ndi pomwe nkhaniyi imandikhudza ngati munthu wa kummawa. Madzulo aliwonse ndikamadutsa ku Mchini kapena ku Nabvutika ndimaona ana akuchaya chimpombwa chomanga ndi mapulasitiki, opanda nsapato, zigoli ndi miyala iwiri, ndipo pali ena mukawaona mmene amaugwirira mpira mumaima kaye ndi njinga. Luso lilipo kuno, Fashion Sakala ndi mwana wa kuno ku Chipata, koma kuti dziko limudziwe anachita kuchoka, Nchanga Rangers ku Chingola, kenako Zanaco, kenako kutenga chikho cha Africa cha Under-20 mu 2017 pamodzi ndi Daka, mpaka kukafika ku Rangers ya ku Scotland. Nanga angati omwe analibe wowakwezera basi? Matimu akuluakulu pafupifupi onse ali mmbali mwa njanji, Lusaka, Kabwe, Ndola, Kitwe, ife kuno tili makilomita oposa 500 kuchokera ku Lusaka ndipo timu ya kuno ikati ikasewere kutali ndalama ya mafuta yokha imatha thumba. Ndaonapo matimu a kuno akuyamba ndi moto, bizinesimani mmodzi wagula ma jeze, anthu tadzadza pa David Kaunda Stadium, koma zaka ziwiri zitatu munthu uja akatopa kapena bizinesi ikagwa timu nayo imafa, anyamata kubwerera ku makabaza ndi kumunda.

Power sinayambe ndi anthu ambiri kapena mbiri, inayamba ndi kampani imodzi yomwe inati timu iyi ndi yathu ndipo sitiisiya, ndiye yakhala choncho zaka zoposa 50. Kuno kummawa fodya amachoka, thonje limachoka, soya ndi nshawa zimadzadza mathiraki chaka ndi chaka kulowera ku Lusaka. Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwa onse omwe amagula mbewu zathu mmodzi yekha atati atenge timu imodzi ya kuno, aipatse bwalo, basi ndi malipiro a mwezi ndi mwezi kwa zaka 20 osatopa, ana athu angadzamve dzina la Chipata pa wailesi mmene ine ndinamvera la Kitwe. Power zinaitengera zaka 20 ndendende, 1971 mpaka 1991.

Jeze ya amalume ija ili ndi ine, azakhali anandipatsa titamaliza maliro. Chikasu chake chinasuluka ndipo mkhwapa munang'ambika, sindiivala, ili mu sutikesi. Mwana wanga woyamba wafika zaka zomwe ine ndinali nazo mu 1991 ndipo ndamulonjeza kuti derby ikubwerayi ikakhala pa Arthur Davies tipita. Ndayamba kale kusunga ya basi. Tidzanyamuka mbandakucha, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, pa Luangwa tidzatsika kugula nsomba zouma zoti tikapatse achibale omwe tikagoneko ku Lusaka, mawa lake Kabwe, Kapiri Mposhi, Ndola mpaka Kitwe. Iye akuti akufuna jeze yatsopano yolembedwa dzina lake kumbuyo, ndamuuza kuti tikagula komweko. Ya amalume ndidzainyamula mu chikwama.