Ajrakhpur, mudzi wa ku India umene unasamuka potsata madzi

Alendo ambiri opita ku Kutch, kumadzulo kwa Gujarat m'dziko la India, amathamangira kukaona chipululu chamchere cha Rann. Nanenso ndinafikako, ndipo n'chokongoladi, koma chimene chinandikwezetsa sitima yausiku kuchokera ku Ahmedabad kupita ku Bhuj, mzinda waukulu wa ku Kutch, ndi nsalu. Derali si lachilendo kwenikweni kwa ife. Makolo a amwenye ambiri amene anatsegula masitolo ku Limbe ndi ku Zomba anachokera ku Gujarat, ndipo nsalu za kumeneko zinkafika kugombe la kum'mawa kwa Africa pa zombo zamalonda zaka mazana ambiri zapitazo.

Ajrakhpur ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera ku Bhuj. Musanaone nyumba mumayamba mwaona nsalu zitayanikidwa pansi, pamchenga, zopsinjidwa ndi miyala m'makona kuti mphepo isazitenge. Mudziwu ndi watsopano. Mabanja a mtundu wa Khatri, amene ntchito yawo kuyambira kalekale ndi kudinda nsalu yotchedwa ajrakh, ankakhala ku Dhamadka. Mtsinje wawo unali utaphwa kale pamene chivomerezi cha pa 26 January 2001 chinagwetsa nyumba n'kupha anthu zikwizikwi. Madzi a m'zitsime anayamba kutuluka ndi dzimbiri lambiri, lomwe limawononga utoto. Choncho anthu anafufuza malo a madzi abwino, nagula, n'kumanganso moyo wawo pamenepo. Mmodzi mwa otsogolera kusamukako anali Ismail Mohammed Khatri, yemwe yunivesite ya De Montfort ya ku Leicester inampatsa digiri yaulemu mu 2003.

Ndinaima nthawi yaitali pambali pa thebulo la mmisiri wina, ndipo ndi pamenepo pamene ndinamvetsa chifukwa chake madzi angasamutse mudzi wonse. Nsalu yathonje yoyera imayamba yanyikidwa m'madzi osakaniza ndowe za ngamila, mafuta a nsatsi ndi soda, kuti ifewe ndi kuchoka zonse za kufakitale. Kenako imaviikidwa m'madzi a zipatso zouma zotchedwa harda n'kusanduka yachikasu pang'ono. Ikauma, mmisiri amatenga chidindo chamtengo, chosemedwa mwaluso, n'kuchigunditsa m'phala la laimu ndi utomoni. Amachiika pansalu, kuchimenya ndi nkhonya kamodzi, kuchinyamula, kuchiikanso pafupi. Palibe chingwe kapena choyezera. Diso ndi dzanja basi. Pamene padutsa phalalo utoto sudzalowapo, ndiye mizere yoyera ya nyenyezi ndi timaluwa imene imaoneka pomaliza.

Utoto wakuda unandisangalatsa koposa. Amaupanga ndi zitsulo zakale zadzimbiri, misomali ndi nsapato za akavalo, zimene amazisiya m'mbiya pamodzi ndi madzi ndi shuga wanzimbe wosayeretsa mpaka zitasasa. Fungo lake ndi lamphamvu, sindikubisirani. Madziwo paokha saoneka akuda kwenikweni, koma akangokhudza nsalu imene inamwa harda ija, pamada bii pomwepo mukuona. Wachikasu umachokera ku makoko a makangaza. Wofiira umachokera ku mizu ya chomera chotchedwa majith, ngakhale masiku ano ena amagwiritsa ntchito alizarin wopangidwa kufakitale, ndipo mmisiri wachilungamo amakuuzani yekha mukamfunsa. Wabuluu ndi wa masamba a indigo. Nsalu imatuluka m'dzenje la utoto ili yobiriwira, ndiye ikapitidwa mphepo imasanduka yabuluu pang'onopang'ono. Anyamata amene amaviika nsaluzi manja awo ndi abuluu mpaka m'zikhadabo.

Pakati pa ntchito iliyonse nsalu imachapidwa, kumenyedwa pamwala m'thanki, n'kuyanikidwa padzuwa. Ajrakh yeniyeni imadutsa masitepe oposa khumi ndipo imatenga milungu iwiri kapena kuposerapo, ina imadindidwa mbali zonse ziwiri, chidindo chakumbuyo kugwera ndendende pamene chinagwera chakutsogolo. Ine mtima umandipweteka ndikaganiza kuti m'misika ya m'mizinda muli nsalu zodindidwa pamakina, za utoto wamankhwala, zotengera maluwa omwewa, zogulitsidwa motchipa ndi dzina lomwelo. Wogula wosadziwa amaona ngati mmisiri wa ku Ajrakhpur ndi wodula. Si wodula. Mtengo wake muli masiku amene nsaluyo yakhala ikudikira dzuwa, muli msana wa munthu wowerama patebulo tsiku lonse.

Ku Bhujodi, mudzi wa oomba nsalu a mtundu wa Vankar pafupi ndi Bhuj, ndinangodutsa masana amodzi. Amaomba mashawelo a ubweya wa nkhosa atakhala pansi, miyendo ili m'dzenje momwe muli zopondera. Kale ubweyawo ankaulandira kwa abusa a mtundu wa Rabari mosinthana ndi zofunda. Tsopano ambiri akuombanso ndi thonje la komweko lotchedwa kala, lomwe limakula ndi mvula yokha, popanda kuthirira. Nsalu yake ndi yokhakhala pang'ono m'manja, koma ndinaikonda kuposa zosalala zonse zimene ndinaziona.

Ku Nirona ndinadabwa ndi nsatsi, zomwezi zimamera zokha padzala kwathu popanda wozilabadira. Kumeneko amawiritsa mafuta ake kwa nthawi yaitali mpaka atasanduka phala lonanda, kuwasakaniza ndi utoto, ndiye mmisiri amaika pang'ono pachikhatho n'kumakoka kaulusi kake ndi kachitsulo, kukagwetsera pansalu osaikhudza n'komwe. Akajambula theka amapinda nsaluyo, theka linalo n'kudzidinda lokha. Lusoli amalitcha rogan, ndipo mu 2014 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, anapatsa Barack Obama chithunzi cha mtengo chojambulidwa motero.

Wofuna kupitako asankhe miyezi ya pakati pa November ndi February, pamene kunja kumazizirirako ndipo dzuwa limawala tsiku lonse. Nthawi ya mvula kudinda kumachepa chifukwa nsalu siziuma. Pogula, tembenuzani nsaluyo muone kumbuyo kwake, muyang'anenso pamene zidindo zakumana: yadzanja imakhala ndi timalo tophonyana pang'ono, pamene yamakina imafanana paliponse. Ndipo ngati mungathe, gulani pakhomo pa mmisiri mwiniwake.