Mfundo ya kumsana kwa mwana wa achemwali

Achemwali anafika masana, chiperoni chitaphimba phiri lonse, mwana wawo ali pambuyo atawerama. Moni sanapereke n'komwe. "Achimwene, zitsulo zanu zonyamulazi zandiphera mwana." Mawu amenewa akundiwawabe mpaka pano, chifukwa mnyamatayu ndimamukonda, ndipo monga malume ake chilichonse chomugwera chimafikira pakhomo panga.

Khosi lake silimatembenukira kumanja. Ndinamuvula juzi n'kupapasa pakati pa fupa la phewa ndi msana, ndipo ndinapeza kanthu kolimba ngati njere ya nzama. Nditangosindikiza pang'ono anadumpha, akuti ululu wathamangira m'khosi mpaka kuseri kwa khutu. Achemwali nthawi yomweyo: "Mwaona? Magazi oipa aundana. Mawa ndikupita naye akamuteme mphini."

Ndinawapempha akhale kaye pa mkeka. Ndinati mfundo imeneyi ndi mnofu womwe wakungika n'kukana kumasuka, palibe chomwe lezala lingatulutsemo, lingangomusiyira bala. Anandiyang'ana ndi diso la pambali. "Inu mwakhala dokotala liti?"

Apa m'pamene mnyamata anaulula zomwe zandisowetsa mtendere tsiku lonse. Dzulo anzake a ku jimu ya ku Chitakale, komwe amakanyamula zitsulo, anamugoneka chafufumimba pansi, wina wathupi n'kumuponda pamsana akuti awongole mitsempha. Mwana wa Fomu 3, nthiti zake zimenezi! Ndinachita kunjenjemera ndi mkwiyo. Anyamatawa ndimawadziwa. Tsiku lililonse amangogona pa benchi n'kumakankha chitsulo chazitini za simenti kuti chifuwa chituluke. Zokoka sachita. Ndiye chifuwa chimakokera mapewa kutsogolo, minofu ya pakati pa mapewa n'kumangokhala yokokedwa usana wonse. Katundu akalemera mopitirira, amakweza mapewa mpaka m'makutu. Onjezeranipo kuwerama pa foni ndi kuzizira kwa masiku anoku, kumene munthu amayenda atakhwinyata. Komanso amafikira pa chitsulo thupi lili zii, osalitenthetsa, ndipo mnofu womwewo saupatsa ngakhale maola 48 oti upume.

Ndinateleka madzi pa mbaula, n'kuviika thaulo, kufinya, kuyamba kumuthowa. Mphindi 15 kapena 20 zimakwana, madzi ake otentha koma osawotcha khungu. Achemwali anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Kuthowako ndiye amayi ankachita akaweruka kothyola tiyi." Zoonadi. Ndinakumbukira mmene ankatulira dengu lija n'kumadzitikita okha paphewa, ife tikungodikira nsima. Sindikumbuka wina wa ife atawafunsapo ngati msana ukuwawa. Zimenezi zandikhala pamtima kuposa mkangano wonsewo, moti madzulo chakudya sichinalowe bwino.

Titamaliza ndinaika mpira wa tenisi m'sokosi, mnyamata n'kuuponyera kumsana atagwira nsonga ya sokosiyo, n'kutsamira khoma. Ukapeza pamene pakuwawa umaima pomwepo masekondi 30 kapena mphindi imodzi, ukupuma mozama, osasindikiza mpaka kukukuta mano, ndiponso osauika pa fupa la msana lenilenilo. Kenako anadzikumbatira yekha kuti mapewa atambasuke, n'kutsitsa khutu pang'onopang'ono kulinga kuphewa, uku ndi uku. Ndinamuimika pakhomo, manja pa felemu, n'kupendekera kutsogolo kuti chifuwa chimasuke. Chubu chakale cha njinga ndinachimanga pa nsanamira ya khonde kuti azikoka, zigongono zikupita kumbuyo, mafupa a mapewa akuyandikirana. Khosi linayamba kutembenuka, ngakhale osati lonse.

"Nanga chikapanda kutha?" anafunsa achemwali. Funso labwino, ndipo ndinawayankha mosabisa. Dzanja likayamba dzanzi kapena kufooka, ululu ukalowa m'chifuwa, thupi likatentha, kapena masabata awiri akatha popanda kusintha, tithamangire kuchipatala, ndipo ndidzamuperekeza ndine. Zitsulo zolemera azisiye kaye, koma asangogona, aziyenda ndi kugwedeza mapewa.

Sanavomere, sanakanenso. Anangoti akakambirana ndi alamu. Mpira uja mnyamata anapita nawo m'thumba la juzi, koma lezala nalonso ndikudziwa kuti silinachoke m'maganizo mwa mayi ake, ndipo sindingawadzudzule kwambiri, mwana akamabuula usiku amene amamva ndi iwo.

Chatsala ndi nkhani ya kupondana ija. Ndikufuna ndikalankhule ndi mwini jimu, koma ndi wamkulu kwa ine, ndipo anyamata onse amamva zake. Ndikangoyamba molakwika adzati ndabwera kudzanyoza malo ake, mwana n'kuyamba kusekedwa. Mwina ndingonyamula chubu china ndikamange kumeneko, ndiyambe kukoka ndekha, afunse okha. Kaya. Ndiona kukacha.