Loweruka lathera pansi pa boneti

Zikhadabo zikadali zakuda bii, ngakhale ndasamba kawiri ndi sopo wochapira.

Corolla yathu ija, ya mtundu wa NZE121, yakhala ikundivuta sabata ziwiri. Pamsewu ikuthamanga bwinobwino, koma ukangoima, muvi wa rev, wosonyeza liwiro limene injini ikuzungulira, umagwa mpaka pa 400, chiwongolero n'kumanjenjemera ngati munthu wa malungo. Lachinayi inandizimira pa maloboti ndili kutsogolo kwa mzere, maminibasi kumbuyoku ali pii! pii! Manyazi ake osanena. Makaniko wina ku Biwi, osatsegula n'komwe boneti, anangoti, "Bwana, imeneyi ndi fuel pump, mugule yatsopano." Ndinamuuza kuti ndibweranso.

M'mawa alamu anga anafika ndi kachitini ka mankhwala otsukira throttle body, khomo lolowera mpweya mu injini. Tinachotsa waya wa negative pa batire ndi sipanala ya 10, kenako tinamasula chipayipi chakuda chochokera ku fyuluta ya mpweya. Nditasuzumira mu throttle body muja ndinagwira pakamwa. Kachitseko kozungulira kaja, kamene kamatseguka ukaponda moto, m'mbali mwake monse munali mwaye wonata ngati kunsi kwa poto wa pankhuni. Phazi likachoka pa moto kachitsekoko kamatsekeka, injini n'kumapumira pa kanjira kakang'ono ka valavu ya IAC. Nanga kanjirako kakadzaza litsiro, ipumira pati?

Ndinapopera, n'kukwecha ndi mswachi wakale, n'kupukuta. Nsanza zitatu zinada. Alamu anafuna kupoperanso mankhwala omwewo pa sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndinawagwira dzanja. Timawaya take n'toonda ngati tsitsi ndipo tili ndi mankhwala akeake, tinaisiya. Fyuluta inali yofiira ndi fumbi la Okutobala, ndinangoika ina.

Titaliza injini, inachedwa kugwira, kenako inakuwa mpaka pa 1,500, kumbuyo utsi uli tolotolo. Mtima unangoti myuu.

"Alamu, dekhani," iwo akuseka. "Mwachotsa batire, kompyuta yaiwala zonse. Isiyeni iphunzirenso."

Patatha mphindi khumi muvi unatsika, koma kunjenjemera kunalipobe pang'ono. Ndinawerama n'kutchera khutu. Penapake pankamveka kaphokoso ka siii, ngati tayala lobooka. Ndinatsata ndi chala mpaka ndinapeza kapayipi kalabala kouma gwa, kong'ambika kumapeto, komwe injini imakokerapo mpweya wakuba umene sensa siuwerenga. Ndinadula mbali yong'ambikayo ndi mpeni wa kukhitchini n'kukabwezeretsa. Muvi unakhazikika cha pa 700, osagwedezeka. Ndinayatsa magetsi onse ndi AC dala, injini osadandaula.

Madzulo tinapita kumsika ndi mayi a kunyumba. Ine maso pa muvi pa maloboti aliwonse, iwo chala pa wailesi.

"Bambo, mawayilesi anga onse apita kuti? Wotchinso ikuti 1 koloko."

Batire lija. Mawa tikachoka ku tchalitchi ndiwatcherera.