Zochitika m'fiyeta ndi ku wodi sabata yatha

Ntchito yanga ndi yogoneka odwala pa opaleshoni, pa chipatala china kuno ku Kasungu. Ndine clinical officer, ndipo ukatswiri umenewu ndinauphunzira ku Blantyre, komwe ambiri a ife tinadutsa.

Lolemba m'mawa, wodwala asanalowe, ndimayamba ndi makina. Ndimayatsa concentrator n'kuimvetsera ngati ikupuma bwino. Makinawa amakoka mpweya wa m'chipinda momwemo, womwe okosijeni wake ndi 21 pa 100, n'kuusefa mpaka upitirire 90. Ubwino wake satha mpweya ngati silinda ya okosijeni, koma magetsi akangothima nawo amathima. N'chifukwa chake silinda ya pakona ndimaitsegula ndekha kuona geji, sindidalira kuti wa usiku anaisiya yodzaza. Kenako makina oyamwa makhololo ndi magazi (suction), batire la chipangizo chounikira kukhosi (laryngoscope), ndi kachikwama kopopera mpweya ndi manja.

Lachiwiri linali la masiza. Ambiri timawabaya kumsana ndi mankhwala otchedwa bupivacaine, mayi amafa dzanzi kuyambira cha m'munsi mwa chifuwa kutsika koma ali maso, amamva mwana wake akulira. Vuto la jekeseni imeneyi ndi loti mitsempha ya magazi imamasuka, BP n'kugwa mwadzidzidzi. Makina a BP amapopa pakapita mphindi zingapo, ndiye pakati pa kupopako wodwala ndi amene amakuuza. Mayi wina wochokera cha ku Santhe anangoti, "Adokotala, ndikumva nseru." Sindinadikire makina. Ndinatsegula diripi, kubaya ephedrine wokweza BP, kupendeketsa bedi kumanzere kuti mimba isatsamire mtsempha waukulu. Makina atapopa, nambala inali itatsikadi.

Mayi yemweyu anatipatsa ntchito ina. Mwezi uno kukuzizira, ndipo zala zake zinali zozizira, zikhadabo zopakidwa kyutekisi wofiira. Kamakina koyeza okosijeni pachala kanangophethira osapereka nambala. Kamagwira ntchito powalitsa kuwala kofiira ndi kwina kosaoneka ndi maso kudutsa m'chala, ndipo kamawerenga magazi okhawo amene akugunda. Chala chikazizira, kugundako kumachepa. Tinapukuta kyutekisiyo, nesi anafikisa chalacho m'manja mwake mpaka chitenthe, nambala inabwera 97. Ine chimene ndimakonda pa kamakinaka ndi kulira kwake. Okosijeni akamatsika, liwu lake limatsikanso, moti ngakhale uli chogwada kufunafuna mankhwala m'kabati khutu limakuuza. Wina akazimitsa liwulo poti likusokosa, timayambana.

Kamakinaka anakatulukira ndi injiniya wa ku Japan, Takuo Aoyagi, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2008 bungwe la WHO linakaika pa mndandanda wa zoyenera kuona opaleshoni isanayambe. Tachikasu ta bungwe la Lifebox tomwe tili m'zipatala zambiri kuno timayendera batire. Ndimawauzabe ophunzira kuti pa khungu lakuda nambala ikhoza kuoneka yokwerako pang'ono pamene wodwala ali pamavuto, ndiye 91 wa mwana amene akubanika usamusangalalire.

Lachitatu magetsi anathima tili mkati mwa mimba ya bambo wina amene matumbo anapotana. Concentrator inakhala chete, tinalumikiza silinda, woyeretsa anaunikira ndi tochi ya foni mpaka jenereta italira. Palibe amene anakuwa, zimenezi tinazizolowera.

Usiku wa Lachinayi ndi umene ukundikhalabe m'mutu. Anabweretsa mtsikana wa mimba yoyamba atakomoka kangapo kunyumba, BP ili kumwamba. Tinamupatsa magnesium sulphate woletsa kukomokako, mwana tinamutulutsa wamoyo, koma mayi anachedwa kutsitsimuka ndipo m'chifuwa munkamveka madzi. Wodwala wotere malo ake ndi ICU, ndipo yapafupi ndi ya ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 120 pa msewu wa M1. Tinakambirana ndi adokotala n'kuona kuti ulendo wa usiku mu ambulasi ukanamupweteka kuposa kukhala. Anagona pa bedi loyandikana ndi tebulo la anamwino.

Apa ndiye pamene ntchito yathu imaterera. M'fiyeta wodwala mmodzi amakhala ndi munthu wake amene maso sachoka pa iye. Akangotuluka pakhomo, amagwera m'manja mwa nesi mmodzi amene ali ndi wodi yonse, ana obadwa kumene ndi ena akubuula ndi matenda. Wodwala wopatsidwa magnesium amafuna kumulondalonda: kuwerenga kapumidwe pa mphindi, kugogoda bondo kuona ngati likudumpha, kuyeza mkodzo m'thumba kuti usachepere 30 ml pa ola, calcium gluconate wosukulutsa mphamvu ya magnesium ali pafupi ngati mankhwala achuluka m'thupi. Zonsezi n'zamanja ndi wotchi. Ndinasiya kamakina kanga pachala pake n'kuitana gadiyani.

"Agogo, mukuiona nambala yapamwambayi? Ikatsika kufika pa 90, kapena kakayamba kulira mosiyana, musadikire. Kawadzutseni asisita."

"Sindinapite kusukulu ine, adokotala."

Ndinalemba 90 pa pulasitala n'kumata pa bedi. Cha m'ma 3 koloko anabweradi akuthamanga, nambala ili 88. Kapaipi ka okosijeni kanali katachoka m'mphuno mtsikanayo akutembenuka.

Alendo akabwera amakonda kufunsa ngati tikufuna ventilator, makina opumira wodwala. M'stolo muli kale makina opatsidwa amene anafa chifukwa cha kachingwe kamodzi kosapezeka m'dziko muno. Ventilator yopanda nesi woikhalira usiku wonse ndi yoopsa. Ine ndikanasankha capnograph, yoonetsa mpweya umene wodwala akutulutsa, kuti ndikalowetsa chubu ndidziwe nthawi yomweyo kuti chili m'njira ya mapapo osati ya chakudya. Pano ndimadalira stethoscope ndi kuona chifuwa chikukwera.

Lachisanu kunali mnyamata wa kabaza wothyoka mwendo, mankhwala ogonetsa a ketamine anatithandiza, anadzuka akuyimba nyimbo za kutchalitchi. Mtsikana uja Loweruka anayamba kuyamwitsa ndipo tinamusamutsira ku wodi wamba. Pa fomu ya zofunika mwezi uno ndalembanso timapulobu ta kamakina kaja tovala pa zala za ana, mabatire, ndi lamba wamkulu wa BP wa amayi onenepa.