Sabata yokoka waya ku Kasungu

Lolemba tinanyamuka ku Lilongwe kunja kusanayere, ine ndi mwana wa achemwali anga amene ndikumuphunzitsa ntchito yomanga mipanda ya waya, zida zonse mu thumba la feteleza: strainer ya tcheni (chida chokokera waya kuti ukungike), pulayala ya waya, hamala, ma U-nail (misomali yopindika ngati U yokhomera waya pa mapolo), mgwala nditaunyamula paphewa. Bwana wa famu anandiimbira kuti waya amene anagula chaka chatha ndi feki, wangokhwepa paliponse, mbuzi zikutuluka kukadya ndiwo m'madimba a anthu moti amfumu anamulipiritsa kale kawiri. Unali mwezi wa October, aliyense akufuna mpanda uthe mvula isanagwe.

Titafika ndinayenda mpanda wonse kaye osagwira chida chilichonse. Waya sunali feki ayi. Amene anamanga poyamba analibe strainer, ndiye paliponse pamene waya walendewera ankalowetsa kamtengo n'kupotokola mpaka waya aoneke ngati wakungika. Tsiku limenelo umaonekadi bwino, koma popotokolapo zinki yoteteza ija imang'aluka, dzimbiri limalowa, ndipo ndinagwira malo amodzi ndi pulayala waya n'kuthyoka ngati kamtengo kouma. Chinandiwawa kwambiri ndi mapolo a pakona. Polo yopyapyala ngati dzanja langa, dzenje losafika ngakhale m'mabondo, yopanda chochirikiza, yonse itawerama kutsatira waya.

Ndiye Lachiwiri lonse sitinakhudze waya. Tinakumba makona anayi ndi pa geti, nthaka yake gwaa, dzenje lililonse pafupifupi mita, n'kuikamo mapolo a bulugama onenepa othira mankhwala a chiswe, kukwirira pang'onopang'ono uku tikusinja ndi mgwala, kenako polo ina yopendeketsa yochirikiza mbali imene waya azikokera, kunsi kwake kutatsamira mwala waukulu. Bwana anabwera madzulo nkhope ili yokwinya, akuti amisiri ndakuitanirani waya inu mukukumba maenje. Ndinawauza kuti bwana, strainer imakoka kuposa amuna anayi, mphamvu yonseyo ikathera pa polo ya pakona, ikakhala yofooka ndalama zanu mwataya kachiwiri.

Lachitatu ndi limene sindidzaliiwala. Strainer yanga ndi yakale, ndinagula kwa mkulu wina amene anabwera nayo ku Johannesburg, ndi yolemera, ili ndi zoluma ziwiri zokhala ndi mano, china chimaluma waya uku china uku, ndiye ukamapukusa chogwirira chija zikhadabo zake zimayenda pa tcheni mphete imodzi imodzi waya n'kumayandikana. Bwana anatulutsa yake yatsopano yonyezimira, yotchipa, akuti tigwiritse ziwiri ntchito ifulumire. Ndinaiona kuti ndi yopepuka ndipo mano ake ndi osalala, mtima unakana koma ndinavomera, n'kumupatsa mnyamata uja. Atakoka mphete zingapo ndinangomva thwaa, yaterereka, waya waminga wabwerera ngati chikwapu n'kumung'amba pamkono. Anangoti malume, n'kukhala pansi, magazi chuchuchu. Ndinamumanga ndi malaya anga, tinakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka kuchipatala, anamusoka n'kumubaya jakisoni wa kafumbata. Mlandu ndi wanga. Chida chimene sindikuchikhulupirira sindimayenera kupatsa mwana, komanso sindinamukumbutse kuti pokoka umaima mbali ina ya mapolo, nkhope kutali ndi mzere wa waya. Usiku ndinawaimbira achemwali ndekha, mawu amatuluka movuta.

Anzanga amene mukufuna kugula strainer, musayang'ane penti. Pitani ndi chidutswa cha waya mthumba, mulumitse pomwepo mu shopu n'kukoka, muone ngati mano akugwira, muyang'ane ngati mphete za tcheni zili zowotcherera bwino, ndipo ngati mumagwiranso waya wosalala wolimba uja wa 2.5 mm muyesenso umenewo chifukwa ndi umene umaterereka kwambiri. Magolovesi achikopa ndi magalasi muguliretu tsiku lomwelo.

Lachinayi bwana anabwera ndi nzeru ina, akuti poti mwatsala nokha timangirire waya ku thirakitala ikoke kamodzi. Ndinakana. Thirakitala simva kuti waya wafika. Waya waminga wamba ndi chitsulo chofewa, mawaya awiri opotana, ukaupyoletsa muyeso umatamuka osabwereranso, mawa lake ukhwepa kuposa kale, kapena udukire pa munthu. Ndi strainer dzanja limakuuza, chogwirira chikayamba kulimba umasiya, umapita pakati kukaugwedeza kuti minga imene yakodwa pa mapolo imasuke, kenako umabwera kudzawonjezera mphete imodzi kapena ziwiri basi. Palinso nkhani ya dzuwa imene ambiri saiganizira. Chitsulo chimatalika kukatentha, chimafupika kukazizira, pa mamita 100 kutentha kukasintha ndi madigiri 20 waya amasuntha masentimita awiri ndi theka pafupifupi. Ukakungitsa mpaka kulira ngati gitala masana a October, June akadzafika m'mawa wozizira uja wayayo adzakoka makona yekha. Ine ndimasiyako mpata woti ukadina pakati ndi dzanja uzivomera pang'ono n'kubwerera.

Bwana anaima n'kumaonerera, kenako anavula jekete n'kuyamba kundigwirira waya. Sitinakambenso za thirakitala.

Lachisanu inali ntchito ya hamala tsiku lonse, mizere isanu ndi umodzi, ya m'munsi yoyandikana chifukwa mbuzi sidumpha kawirikawiri, imalowetsa mutu n'kukankha. Mnyamata uja anakakamira kubwera ndi bandeji yake, ndinamupatsa chitini cha ma U-nail kuti azindipatsira, ndipo ndinamuonetsa kuti pa mapolo a pakati msomali sukhomerera mpaka kufinya waya, umasiya kampata kuti waya aziyenda, ng'ombe ikatsamira mphamvu igawike mpanda wonse, komanso umaukhoma mopendeketsa kuti polo isang'ambike. Pa mzere uliwonse wautali ndinaikapo ka ratchet, kachida kokungira waya kokhala pa waya pomwepo, kuti ukadzakhwepa wantchito wa pafamu azingopotokola ndi sipanala, asadzayambirenso za timitengo zija.

Loweruka m'mawa tinatsegula khola n'kukhala pa chulu kuonerera. Mbuzi zinathamangira malo ake akale aja, zinakankha, zinabwerera, zinayesa pena. Koma kamwana kamodzi kanayenda mpaka kukakhwawa kumene nthaka yatsika, kanagwada n'kudutsa pansi pa waya bwinobwino. Mnyamata uja anaseka mpaka kugwira bandeji, akuti malume ndalama musalandire kaye. Tinatsika ndi mgwala, tinakhoma polo ina yaifupi pakhwawapo, mzere wina wa waya m'munsi ndi miyala, ndipo minibasi imene tinakwera inali ya 4 koloko.